Momwe mungadziwire mphamvu yeniyeni ya sodium hydroxide mu labotale

Mukasungunula magalamu 4 a sodium hydroxide m'madzi kuti akwane lita imodzi, masamu amati mwapeza mphamvu ya 0.1 M, kutanthauza ma mole 0.1 pa lita imodzi (mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala). Musafulumire kukhulupirira. Mankhwalawa amayamwa chinyezi ndi mpweya wa carbon dioxide akadali pa sikelo, ndiye kulemera kumene mwawerengako si kwa mankhwala okhaokha. Mukapimira nawo asidi musanawayese, zotsatira zonse zidzapotoka. Kuyesako ndi titration, kudonthezera mankhwalawa mu asidi wodziwika kuchuluka kwake mpaka asidiyo atathera pomwepo, ndipo musanayambe valani magalasi ndi magolovesi, chifukwa sodium hydroxide akalowa m'maso amawononga msanga.

Choyamba, umitsani asidi wa ufa wotchedwa potassium hydrogen phthalate, amene ambiri amangoti KHP, mu uvuni pa madigiri 110 kwa maola 2, kenako azizire mu desiccator, chiwiya chotseka chosalola chinyezi. Ameneyu ndi wodalirika: satenga chinyezi ngati mnzakeyo, ndipo mole imodzi imalemera magalamu 204.22. Pimani pafupifupi magalamu 0.5, lembani manambala onse amene sikelo yaonetsa, muwasungunule mu flask ndi madzi a distilled owiritsa n'kuziziritsa. Donthezani madontho 2 a phenolphthalein, mankhwala amene amasanduka pinki asidi akatha. Madziwo sasintha mtundu.

Tsukani burette, chubu chagalasi cha manambala chokhala ndi kampopi kunsi, ndi sodium hydroxide pang'ono musanaidzaze, ndipo yang'anitsitsani kunsonga. Kathovu ka mpweya kakabisala pamenepo, kadzatuluka ntchito ili mkati n'kukusokonezerani chiwerengero. Powerenga, diso likhale molingana ndi pansi penipeni pa meniscus, kupindika kwa pamwamba pa madziwo.

Tsopano ikani flask kunsi kwa burette, tsegulani kampopi, dzanja lina likuzunguza flask, pansi pake mutayala pepala loyera. Poyamba mtundu wa pinki umangooneka pomwe dontho lagwera n'kuzimirira pomwepo. Chakumamililita 23 uyamba kuchedwa kuzimirira. Apa m'pamene phuma limaonongera ntchito yabwino. Pitani dontho limodzilimodzi, ngakhale theka la dontho: likhudzitseni kukhoma la flask, mulitsitse ndi timadzi ta distilled. Imani pinki wotuwa akakhala masekondi 30 osachoka. Akafika powirira, mwapitirira. Yambaninso ndi KHP wina.

Gawani magalamu a KHP ndi 204.22 kuti mupeze ma mole, amene ndi ofanana ndi ma mole a sodium hydroxide amene mwadonthezera, ndipo yankholo muligawenso ndi malita a sodium hydroxide amene atuluka mu burette. Chitani zimenezi katatu, mutenge avereji ya mayankho oyandikana. Lembani mphamvuyo ndi deti pabotolo la pulasitiki lotseka bwino, osati lagalasi, poti sodium hydroxide amadya galasi pang'onopang'ono ndi kumatitsa chotsekera.