Kupanga nyimbo yachikondi ya Afrobeats

Achimwene a ku Matero mwafunsa kuti nyimbo yachikondi ya Afrobeats muiyambe bwanji. Yambani ndi ng'oma. Pa FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo, ikani liwiro la pakati pa 95 ndi 105 BPM (kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi), kuti anthu azivina mosathamanga. Onjezani shaker, bass yofewa ndi makodi (magulu a manotsi oimbidwa pamodzi) anayi obwerezabwereza. Kagitala ka kalindula pamwamba pake kamaipatsa kukoma kwa kwathu.

Kenako kolasi, ndipo apa ndi pamene pagona nyimbo yonse. Ing'ung'udzeni kaye mpaka ikhazikike, mawu abwere pambuyo. Musangoti "ndimakukonda", aliyense amatero. Tchulani kanthu kamodzi kamene inu nokha mumakadziwa: mmene wokondedwa wanu amakudikirirani ku Kulima Tower mvula ikugwa, chitenge atafunda kumutu, minibasi zikumusiya. Womvera akamva zimenezo amakumbukira wake. Kusakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingelezi kulibe vuto, bola zisamveke zokakamiza.

Mavesi awiri afupiafupi akwana, nyimbo yonse mphindi ngati zitatu. Jambulani mawu, muwonjezere ena othandizira pa kolasi, kenako mupereke kwa wodziwa mixing ndi mastering (kulinganiza mawu ndi zoimbira, ndi kusalaza nyimbo komaliza). Musanaitumize ku Boomplay (malo omvererapo nyimbo pa intaneti) kapena ku wailesi, kailembetseni kaye ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia.