Mutu wa kafukufuku mukuusowa? Yambirani pa nshawa za kwanu

Inu a chaka chomaliza amene mutu wa kafukufuku wakukanikani, kaya muli ku yunivesite ya UNZA, ku CBU ku Kitwe kapena ku Justo Mwale uko mukuphunzira zaubusa, lekani kusaka nkhani za dziko lonse. Tengani chinthu chimodzi cha kuno kum'mawa kwa Zambia chomwe mungachifikire ndi njinga. Ine nditenga nshawa, muone m'mene chinthu chimodzi chingadyetsere anthu a maphunziro osiyana.

Ngati ndinu a sayansi, nkhani yanu ndi chuku. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imapanga poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Funso likhale laling'ono, monga ili: kodi nshawa zomwe anthu amaziwaza madzi kuti zisavute kuswa zimakhala ndi poizoni wambiri kuposa zoswedwa zili zouma? Basi, funso lakwana. Koma potenga masampulo ndiye pamene ambiri amagwera, chifukwa poizoniyu sakhala mofanana m'thumba, njere zochepa chabe zitha kukhala ndi poizoni wambiri pomwe zina zilibe, ndiye tapani pamwamba, pakati ndi pansi, musakanize, muike m'mapepala osati m'pulasitiki momwe zimachita thukuta, mulembe mudzi ndi tsiku pomwepo. Musanayambe pitani ku Msekera, malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chipata, mukacheze ndi akatswiri a ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, nshawa amazidziwa anthu aja, ndipo funsiranitu labu yomwe idzakuyezereni ndi mtengo wake. Kukolola kumachitika cha mu April ndi May, mukaphonya nyengo imeneyo mudikira chaka china.

A bizinesi, tsatirani meda imodzi kuchoka kwa mlimi ku Katete kapena ku Chadiza mpaka pa msika wa Kapata ku Chipata, muone ndani akudya zingati. Mutha kuyerekezanso mavenda ndi a COMACO amene amagula kwa alimi n'kupanga chiponde cha It's Wild. Chonde osamufunsa munthu kuti mumapindula zingati, sakuuzani, aganiza mwatumidwa ndi a msonkho. Funsani anagula bwanji, transipoti analipira zingati, zowola anataya zochuluka bwanji, masamuwo mukachite nokha kunyumba.

A zaumulungu musadzione ngati mwatsala. Nshawa zomwezi zimalowa m'tchalitchi nthawi ya masika, ena amapereka chakhumi ndi zokolola osati ndalama. Kodi mlimi amaganiza chani posankha thumba lopita kwa Mulungu ndi lopita kumsika? Nanga abusa amaphunzitsa chani za sikelo yonyenga? Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndiye mipingo ina ndi yakale ndithu, pemphani abusa akuonetseni mabuku a misonkhano ya akulu ampingo ngati anasungidwa. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi imanyozedwa pachabe, pomwe ndi imene imafotokoza chifukwa chake anthu amachita zomwe wasayansi ndi wabizinesi akungoziyeza.

Tsopano zomwe zikukhudza nonse. Funso lanu lilembeni m'chiganizo chimodzi mukaonetse supavaiza, akavomera mutenge chilolezo cha komiti ya ethics, yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, ndi kalata ya ku yunivesite musanafunse munthu aliyense. Kumudzi musangotulukira ndi mapepala m'manja, yambani mwaonekera kwa anyakwawa, muwauze mwabwera kudzatani ndipo muwauziretu kuti simunabwere ndi feteleza kapena thandizo lililonse, apo ayi anthu adzakuyankhani zoti alembedwe maina. Mafunso muwamasulire m'Chinyanja n'kuwayesa kaye pa anthu ochepa. Ngati mukujambula mawu pa foni pemphani kaye, maina a anthu osawaika mu lipoti, ndipo madzulo aliwonse zomwe mwasonkhanitsa muzitumize ku email yanu kapena ku Google Drive, chifukwa foni imabedwa, laputopu imafa.

Ngati muli ndi mnzanu wa dipatimenti ina, pitani mudzi umodzi tsiku limodzi mugawane ndalama ya transipoti, koma aliyense akhale ndi funso lake ndi lipoti lake.