Musanalipire NFT, fufuzani izi

Ntchito yanga ndi kujambula zithunzi pa kompyuta, ndiye nkhani ya NFT, umboni wa pa intaneti wosonyeza mwini wa chinthu monga chithunzi, imandikhudza kwambiri. Anzanga ena ku Ginnery Corner amati n'kupusa kulipira chithunzi chimene aliyense angachikopere pa foni. Ena amati ndi chuma cha mawa. Ine ndimati musanalowe mkanganowo kapena kupisa m'thumba, dziwani kaye chimene chikugulitsidwa.

Chimene mumagula ndi umboni wolembedwa pa blockchain (kaundula wa pa intaneti wosungidwa pa makompyuta ambiri), kawirikawiri yotchedwa Ethereum, wonena kuti nambala yakutiyakuti ili mu wallet yanu, chikwama cha pa foni kapena pa kompyuta chosungira ndalama za crypto ndi ma NFT. Chithunzi chenichenicho nthawi zambiri chimasungidwa kwina, umboniwo umangoloza kumene chili. Ndiye funsani kuti chili kuti. Ngati chili pa seva ya kampani imodzi, kampaniyo ikadzatseka mudzatsala ndi chiyani? Werenganinso ngati wojambulayo wakulolani kusindikiza chithunzicho pa malaya n'kumagulitsa, chifukwa ufulu umenewo sumangobwera wokha.

Nanga anthu amalipiriranji? Wochemerera Bullets amadziwa kusiyana kwa jezi imene wosewera anavala n'kusayinapo ndi inzake ya mumsika wa Limbe. Nsalu n'chimodzimodzi, koma yosayinidwayo ili ndi mbiri. Zithunzi za CryptoPunks zinatuluka mu 2017, zilipo 10,000 basi, ndipo anthu amazifuna poti ndi zina mwa zoyambirira. Wojambula wina wotchedwa Beeple anayamba kujambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse mu 2007, ndipo mu March 2021 anagulitsa 5,000 zoyambazo ataziphatikiza pamodzi ku Christie's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, pa madola 69 miliyoni. Munthu wolipira chifukwa chokonda luso la wojambula ndimamulemekeza. Ifenso ojambula timadya momwemo.

Chimene ndimakana ndi kugula poganiza kuti mawa wina adzakuwonjezerani. Uthenga woyamba pa Twitter wa Jack Dorsey, mmodzi mwa amene anayambitsa Twitter, unagulidwa ngati NFT pa madola 2.9 miliyoni mu 2021. Chaka chotsatira mwini wake atauyikanso pamsika, palibe amene anatchula mtengo woyandikirako n'komwe.

Choncho tsegulani mbiri ya malonda a chinthucho pa OpenSea, msika wa NFT wa pa intaneti, imaoneka poyera. Mukaona ma wallet awiri kapena atatu omwewo akungogulitsana, mtengo n'kumakwera, dziwani kuti mwina ndi munthu mmodzi akudzigula yekha kuti akope anthu ngati inu. Yerekezaninso adiresi ya contract (pulogalamu ya pa blockchain imene inatulutsa NFT-yo) ndi imene wojambulayo analengeza yekha, poti akuba amakopera zithunzi za eni n'kuzigulitsa ngati zawo. Izi zimandipweteka mtima kuposa zonse, chifukwa amene anachezera usiku kujambula sapezapo ngakhale tambala.

Kenako werengerani m'makwacha. Mitengo imakhala mu ether, ndalama ya crypto ya Ethereum, pamwamba pake pali gas fee yolipirira kulembedwa kwa malondawo, ndipo mtengo wa ether umawerengedwa m'madola. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, madola akusowa mpaka lero. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndiye mukaberedwa, kokadandaula n'kovuta kupeza.

Potsegula wallet mudzapatsidwa mawu achinsinsi 12 kapena 24, amene ali ngati kiyi wa wallet yanuyo. Alembeni papepala, musawajambule pa foni kapena kuwatumiza pa WhatsApp. Aliyense wowapempha, ngakhale anene kuti akufuna kukuthandizani, mukaneni.