Kuika sikelo ya 1:75 mu AutoCAD

Pulani ya nyumba ya ku Salima yakana kukwana pa A3 ndi 1:50, ndipo 1:75 palibe pamndandanda wa masikelo a AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta. Musanayambe, konzani viewport (zenera loonetsa pulani) pa layout (tsamba lomwe mudzasindikize), mudziwenso ngati munajambula m'mamilimita kapena m'mamita.

1. Lembani SCALELISTEDIT, dinani Enter, kenako Add.
2. Dzina lembani 1:75.
3. Ngati munajambula m'mamilimita, Paper units ikani 1, Drawing units 75. Ambiri amaphonya apa: ngati munajambula m'mamita, ikani 1000 ndi 75, chifukwa pepalalo lili m'mamilimita. Mukapanda kutero, nyumba yonse imaoneka ngati kadontho.
4. Sankhani viewport, ipatseni 1:75, muikhome ndi Lock kuti zoom isasokoneze sikelo.
5. Posindikiza sankhani 1:1, osati Fit to paper. Yezani ndi lula: khoma la mamita 7.5 likhale mamilimita 100.