Galimoto Yazima Panjira: Dikirani Injini Izizire, Kenako Fufuzani Izi

Injini yabwinobwino imatentha madigiri 90 mpaka 105. Madzi a mu rediyeta amakhala opanikizika, n'chifukwa chake sawira pa 100 ngati a mu ketulo. Mukatsegula chivindikiro injini ili yamoto, madziwo amawira pomwepo n'kukuthovukirani kumaso.

Choyamba, singano yoonetsa kutentha kwa injini ikafika pofiira kapena galimoto ikazima yokha, patukirani pambali, yatsani mahazadi, zimitsani injini ngati ikulirabe. Nthunzi ikamatuluka, boneti isiyeni kaye. M'mphindi zoyambirira kutentha kumayamba kwakwera, poti pampu yoyendetsa madzi yaima.

Dikirani mphindi zosachepera 30. Kuti injini iziziretu, pamapita maola 2 kapena 3, makamaka dzuwa likuswa mtengo. Finyani paipi yaikulu ya pamwamba pa rediyeta ndi nsalu yokhuthala: ikakhala yolimba gwa, nthawi sinakwane. Ikafewa, potokolani chivindikiro pang'ono, mpweya uyambe watuluka. Ndipo chonde, musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Hedi (chigawo cha pamwamba pa injini) ikhoza kung'aluka, ndipo kukonza kwake kumapweteka m'thumba kuposa kudikirako.

Pamene mukudikira, kumbukirani momwe yazimira, chifukwa yankho nthawi zambiri lili pamenepo.

Ngati inayamba kutsokomola ndi kunjanja musanaime, ganizirani za mafuta: atha, sefa yatsekeka, kapena pampu yatopa. Tembenuzani kiyi osaliza injini, mumvetsere kumbuyo. Galimoto zambiri za petulo pampu yake imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu. Kuyenda thanki ili pansi nthawi zonse kumaifupikitsa moyo, popeza mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa.

Ngati magetsi anafooka ndipo chizindikiro cha batire chinayaka, onani mitu ya batire, lamba wa injini ndi alternator (chipangizo chotchaja batire). Ikamazima pamaloboti pokha, mwina throttle body (polowera mpweya mu injini) yada kapena mapulagi atha.

Pali vuto lina lozunguza mutu. Galimoto imazima ikatentha, osatsokomola n'komwe, koma ikazizira imalira ngati palibe chachitika. Ambiri amangoti zatheka n'kupitiriza ulendo, kenako imadzawazimiranso pakati pa msewu. Kawirikawiri amakhala sensa ya crankshaft (kachipangizo koyeza kuzungulira kwa injini), yomwe imasiya kutumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto ikatentha. Mukafika kwa makaniko, auzeni kuti inatenga mphindi zingati kuti ilirenso, ndipo apime ndi makina asanayambe kumasula chilichonse.