Gvim ndi teminolo zikhale ndi mitundu yofanana

Anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu ku Ulongué, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, ambiri mwa inu mumadandaula chinthu chimodzi. Mumatsegula Vim, pulogalamu yolembera mafayilo, mu teminolo (windo lolemberamo malamulo a kompyuta), zilembo zikuoneka bwino pamalo akuda. Mukatsegula fayilo yomweyo mu gvim, yomwe ndi Vim yotseguka pawindo lakelake, mumapeza mbee, kuyera kothobwa m'maso, mitundu yonse yasintha. Kompyuta sinawonongeke ayi.

Chikuchitika ndi ichi. Vim imasunga malangizo a mitundu pawiri. A teminolo ndi ctermfg ndi ctermbg, a gvim ndi guifg ndi guibg (fg ndi mtundu wa zilembo, bg ndi mtundu wa kumbuyo kwake). Mu ctermfg mumalembedwa nambala, kapena dzina la mtundu limene Vim imalisandutsa nambala, ndipo pa nambala zoyamba 16, kuyambira 0 mpaka 15, mwini wake wosankha mtundu ndi teminolo. Zili ngati mabedi a kudimba: bedi lachinayi lilipo kwa aliyense, koma wina wadzalamo anyezi, wina kabichi. Gvim siyang'ana mabediwo. Imafuna muiuze mtundu weniweni, monga #002b36.

Ndiye yambani ndi teminolo. Ngati ndi xterm, lembani xrdb -query, muone foreground, background ndi color0 mpaka color15, ngati munaziika mu .Xresources, fayilo imene xterm imatengamo zokonda zanu. Mateminolo ena amaonetsa mitunduyi pa zokonda zake. Koperani papepala manambala a mitunduyo, ooneka ngati #002b36 uja.

Kenako mu gvim lembani :set background=dark, mutsatize :hi Normal guifg=#d0d0d0 guibg=#000000, koma muikemo manambala anu aja. Lamulo la hi ndi limene limaika mtundu pa gulu la mawu, ndipo Normal ndi mawu wamba. Chitaninso chimodzimodzi pa magulu ena a mawu a mu pulogalamu: Comment, Statement, Constant ndi Type. Kulemba :hi Comment pakokha kumakuonetsani zomwe zilipo panopa. Ndikupemphani musamale kwambiri pa Comment. Buluu wakuda pamalo akuda saoneka n'komwe masana dzuwa la ku Tete likamalowa pawindo, ndipo maso ndi anu omwe, musawazunze.

Zikakukhalani bwino, sungani mizereyo mu .gvimrc, fayilo imene gvim imawerenga ikamatseguka. Apa ndi pamene ambiri amagwa: akaika mizere ya hi pamwamba pa mzere wa colorscheme (mzere wosankha mitundu yokonzedwa kale), colorscheme imafufuta zonse. Mizere yanu ikhale pansi pake.

Amene muli ndi Vim 8 kapena yatsopano, ndipo teminolo yanu imatha kuonetsa mitundu yonse, pali njira yachidule. Lembani set termguicolors mu .vimrc (fayilo imene Vim ndi gvim zonse zimawerenga), Vim ya mu teminolo iyamba kutsata guifg ndi guibg, ndipo mitundu mudzaikonza malo amodzi basi. Zikatero mizere ya hi ija muisamutsire mu .vimrc, chifukwa Vim ya mu teminolo siwerenga .gvimrc.