Kukonzanso tchalitchi chakale ku Joni: yambirani padenga

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg timapemphera m'matchalitchi amene anamangidwa kalekale, ndipo ena mwa ife tasankhidwa m'makomiti osamalira nyumbazi. Taganizani za St Mary's, tchalitchi chachikulu cha Angilikani pafupi ndi Park Station, chimene chinapatulidwa mu 1929 ndipo Desmond Tutu anakhala mkulu wa ansembe ake mu 1975. Nyumba yotere sikonzedwa mongoitana mmisiri Loweruka kuti adzamate ming'alu.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, pemphani chilolezo. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo cha bungwe loteteza zinthu zakale m'chigawo, lomwe kuno ku Gauteng ndi PHRA-G. Ngakhale tchalitchi cha Akatolika cha Christ the King ku Berea, chimene ambiri amachiona ngati chamakono, chinadutsa kale zaka zimenezi. Lembani ntchito katswiri wa mapulani wozolowera nyumba zakale, ndipo jambulani zithunzi za mng'alu uliwonse ntchito isanayambe.

Akhristu amakonda kusonkha ndalama za penti chifukwa ndi imene imaoneka, koma mdani weniweni ndi madzi. Mvula ya kuno, kuyambira Okotobala mpaka Malichi, imagwa mwamphamvu, nthawi zina ndi matalala, ndipo ngalande ya padenga ikatsekeka ndi zitosi za nkhunda, madzi amasefukira n'kulowa m'khoma. Mukaona pulasitala wotupa kapena tizinthu toyera ngati mchere pa njerwa, gwero lake ndi chinyontho. Kwerani kaye padenga, tsegulani mipaipi yotsitsa madzi, kenako lisiyeni khomalo liume, ngakhale patapita miyezi ingapo. Kupenta khoma lonyowa n'kutaya chopereka.

Pomata, musalole simenti pamene panali laimu. Dothi la laimu ndi mchenga ndi lofewa ndipo limatulutsa chinyontho, pamene simenti imachitsekera mkati, mapeto ake mwala kapena njerwa ndi imene imayamba kufumbutuka. Amisiri athu, amene anakulira pa simenti, amatsutsa kwambiri pamfundoyi, choncho auzeni ayambe ayesa pa kachigawo kakang'ono kobisika.

Zosintha za masiku ano zikhale zoti zingachotsedwe osasiya chilonda. Mawaya a zokuzira mawu adutse m'njira zakale za magetsi m'malo moboola zipilala, ndipo zokuzira zing'onozing'ono zingapo zimamveka bwino kuposa ziwiri zazikulu, chifukwa denga lalitali limabweza mawu, ulaliki n'kusanduka phokoso. Mapanelo a sola aikidwe kumbali yosaonekera kumsewu. Ngati mukufuna malo a kwaya, misonkhano kapena odyetsera osowa pokhala, chotsani mabenchi ochepa akumbuyo, muwalembe manambala n'kuwasunga pouma, osati kuwagulitsa. Limba likutidwe bwino nthawi yonse ya ntchito, popeza fumbi likalowa m'mipaipi yake kuliyeretsa kumadula kwambiri.

Zimbudzi zokwanira ndi njira yotsetsereka ya oyenda pa njinga za aulumali zilowe m'mapulani oyamba. Njirayo ikhale pakhomo lomwe aliyense amalowera, kuti agogo asamazungulire kuseri kumene kuli migolo ya zinyalala.